Za Mankhwala a Nthenda ya Maganizo ndi Nkhawa

Anthu a m'midzi anazolowera mankhwala ogwira nchito msanga. Wa malungo akamwa mapilitsi a kuchipatala, pakupita masiku atatu thupi lazizira ndipo wadzuka pa mphasa. Wa mutu akamwa Panado, ora limodzi lisanathe mutu waleka. Chifukwa cha ichi ambiri ayesa kuti mankhwala onse a kuchipatala ngotere, ndipo akapanda kuona mphamvu yache m'masiku awiri kapena atatu amati mankhwalawo ngachabe. Koma alipo mankhwala ena amene dotolo apatsa munthu wodwala nthenda ya maganizo kapena ya nkhawa, ndipo machitidwe ache asiyana kwambiri ndi enawa. Amenewa achedwa. Poyamba adzetsa tizobvuta m'thupi, ubwino wache nubwera pambuyo. Odwala ambiri aleka kumwa pa nthawi yomwe mankhwalawo ali pafupi kuwathandiza. Ichi ndi chinthu chachisoni, pakuti nthendayi ikalekereredwa iononga mabanja, minda, ngakhale moyo womwe.

Nthendayi Njotani?

Chisoni si nthenda. Mai amene waika mwana wache alira, sadya, sagona. Ichi nchibadwa cha munthu, ndipo chimene chimtonthoza ndicho abale okhala naye pa siwa ndi kupita kwa masiku. Koma chilipo chisoni china chimene chikhala pa munthu usana ndi usiku kwa masabata awiri kapena kuposa, nthawi zina popanda maliro kapena tsoka looneka. Zimene munthuyo ankakondwera nazo sizimkomanso: bawo, kwaya, kucheza pa bwalo, ngakhale ana ache omwe. Nsima imkanika. Adzuka tambala woyamba asanalire, tulo osabweranso. Khasu limlemera, kotero kuti akalima mzere umodzi atopa ngati walima munda wonse. Adziyesa wachabe ndi wolemetsa anzache, ndipo ena afika polakalaka imfa.

Kumudzi amati munthu wotere ali ndi maganizo, kapena aganiza kwambiri. Ena amati ngwaulesi, ena amati walodzedwa. M'buku la kuchipatala dotolo alemba liwu la Chingerezi lakuti depression. Odwala ambiri pofika kuchipatala sanena za chisoni ai. Adandaula mutu, kutentha pa liwombo, kuphwanya m'thupi ndi mtima wothamanga, nalandira Panado mwezi ndi mwezi osachira, chifukwa gwero la bvutolo silinatchulidwe.

Nthenda ya nkhawa ndi mbale wache. Munthu akhala mtima uli m'mwamba tsiku lonse, kuopa zinthu zimene sizinachitike, ndipo sakhoza kuuletsa mtimawo ngakhale adziwa yekha kuti palibe choopsa. Kwa ena mantha agwa mwadzidzidzi: mtima ugunda, thukuta lituluka, mpweya uchepa, munthu nayesa kuti ali kufa, koma pakupita mphindi zingapo zonse zatha. Kawiri-kawiri nthenda ziwirizi zikhala mwa munthu mmodzi, ndipo mankhwala ache ndi omwewo.

Zoyambitsa nzambiri. Kwa ena nthendayi iyenda m'mtundu. Kwa ena idza ndi ngongole, nkhanza za m'banja, mowa, kapena matenda okhalitsa monga shuga ndi HIV. Amai ena iwagwira atangochira mwana, ndipo akazi adwala nthendayi kuposa amuna. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupi-fupi 280 miliyoni pa dziko lonse anali ndi nthenda ya maganizo. Si nthenda ya Azungu okha, ndiponso si misala.

Si yense wobvutika maganizo afunika mapilitsi. Ngati nthenda njochepa, uphungu ndi chithandizo cha abale zikwanira, ndipo dotolo wabwino safulumira kulemba mankhwala. Ayamba wapima wodwala, popeza kuchepa kwa magazi ndi nthenda ya chithokomiro zifooketsanso munthu mofanana. Mapilitsi ali a iye amene nthenda yamkulira kufikira kuti alephera kulima, kuphunzitsa kapena kusamala ana.

Kumene Mankhwalawa Anachokera

Mankhwala oyamba a mtundu umenewu anapezeka mwamwai. M'chaka cha 1952 madotolo a pa chipatala cha Sea View ku New York anali kuyesa mankhwala atsopano a chifuwa chachikulu otchedwa iproniazid. Anaona kuti odwala amene anali ndwii pa makama ao anayamba kudya, kuseka ndi kucheza koposa mmene chifuwa chao chinali kupolera. Pofika 1957 dotolo Nathan Kline anali atayesa mankhwalawo pa odwala maganizo, nawathandiza. Koma pambuyo pache anawaleka chifukwa anali kuononga chiwindi. M'chaka chomwecho cha 1957 dotolo wa ku Switzerland, Roland Kuhn, wa pa chipatala cha Münsterlingen, analengeza za mankhwala ena otchedwa imipramine. Amenewa anayamba kuwayesa pa odwala misala ndipo sanathandize, koma odwala chisoni chosatha anadzuka nao.

M'banja la imipramine munatuluka amitriptyline, amene analoledwa ku America mu 1961. Fluoxetine anabwera mochedwa, kumapeto kwa 1987, namveka dziko lonse ndi dzina la malonda lakuti Prozac. Awiriwa ndiwo amene wodwala wa m'Malawi akumana nao kawiri-kawiri m'zipatala, ndipo onse ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa World Health Organization.

Chifukwa Chache Achedwa

Bongo wa munthu uli ndi timitsempha tambiri-mbiri tosagundana. Kuti uthenga uoloke kuchoka pa kamtsempha kena kufika pa kanzache, koyambako katulutsa timadzi tapadera, ndipo uthenga ukaoloka kamezanso timadzito. Tina mwa timadzi timeneti titchedwa serotonin ndi noradrenaline, ndipo tili ndi mbali pa tulo, pa njala, pa mantha ndi pa chisangalalo. Nchito ya mankhwalawa ndiyo kuchedwetsa kumeza kuja, kuti timadzito tikhalitse pakati pa mitsempha.

Ichi chichitika tsiku loyamba lomwe, koma munthu sachira tsiku loyamba. Bongo ufuna nthawi kuti uzolowere kusinthaku ndi kukonzanso njira zache pang'ono-pang'ono. Mlimi wothira manyowa m'munda sabwera m'mawa mwache kudzaona ngati chimanga chatalika. Manyowa ayamba avunda, mizu niiwapeza, masamba nabiriwira pambuyo. Momwemonso ndi mankhwalawa. Kusintha kuyamba kuoneka pakati pa sabata lachiwiri ndi lachinai, ndipo mphamvu yache yonse ioneka pa masabata 6 kapena kuposa. Kumwa ambiri sikufulumiza kanthu, kungopweteka munthu.

Kuchira kwache sikubwera monga dzuwa lituluka mvula itakata. Choyamba kubwerera ndi tulo, kenaka njala, kenaka mphamvu ya kusesa pabwalo kapena kupita kudimba. Chisoni chenicheni chitsalira pambuyo. Chifukwa cha ichi a pabanja ndiwo ayamba kuona kusintha, mwini wache ali chinenere kuti palibe chachitika. Nkwabwino kumuuza zimene aona: kuti dzulo anatsiriza mbamu ziwiri, kuti anaseka ndi mdzukulu. Wodwala maganizo saona zabwino za iye yekha, ndipo umboni wa anzache umlimbitsa mtima kuti asaleke.

Ngati papita masabata 6 popanda kusintha kuli konse, wodwala abwerere kuchipatala. Dotolo akhoza kuonjezera muyeso kapena kusintha mtundu. Si onse achira ndi mankhwala oyamba, ndipo kulephera kwa oyamba sikutanthauza kuti achiwiri alepheranso.

Amitriptyline ndi Fluoxetine

Amitriptyline ndi timapilitsi tating'ono, kawiri-kawiri ta 25 mg, tomwa madzulo pokagona chifukwa tigonetsa. Dotolo ayamba ndi muyeso wochepa nakweza sabata ndi sabata. Masiku oyamba m'kamwa muuma, m'mimba mumanga, maso achita chidima, ndipo munthu akadzuka mofulumira amva chizungulire. Zambiri za izi zichepa thupi likazolowera. Kumwa madzi pafupi-pafupi, kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso monga mapapaya, ndi kuyamba wakhala tsonga asanaimirire, zithandiza ndithu. Amene nchito yao njausiku, monga alonda ndi asodzi a pa nyanja, amuuze dotolo asanalandire, pakuti tulo ta mankhwala m'bwato si tochitira masewera. Chimodzi-modzi oyendetsa galimoto ndi a kabaza. Wodwala mtima sayenera kumwa amitriptyline, ndipo kwa madoda obvutika kutaya madzi mankhwalawa akulitsa bvutolo.

Mankhwala omwewa apatsidwanso, pa muyeso wochepa, kwa anthu amene mapazi ao atentha ndi kuyaka chifukwa cha mitsempha, monga odwala shuga. Chotero munthu akhoza kupeza kuti mnansi wache ali ndi timapilitsi tofanana ndi tache. Ichi sichiwalola kubwerekana. Muyeso wa wina si wa mnzache.

Fluoxetine ndi kapisozi wa 20 mg womwa m'mawa, popeza kwa ambiri athawitsa tulo akamwedwa usiku. Zobvuta zache zoyamba ndizo nseru, mutu, ndi kusakhazikika. Kumwa pamodzi ndi phala kuchepetsa nseru. Kwa wodwala nkhawa pali chinthu chimodzi chododometsa: m'sabata loyamba kapena lachiwiri nkhawa ikhoza kukula isanayambe kuchepa. Wosauzidwa ayesa kuti dotolo walakwitsa, nataya mankhwala kuchimbudzi. Wouzidwa apirira, ndipo masiku amenewa apita.

Chilipo chobvuta china chimene anthu achita manyazi kuchinena. Fluoxetine achepetsa chilakolako cha m'banja kwa amuna ndi akazi ena. Kwa ambiri ichi chitha mankhwala akalekedwa, koma chikabisidwa chidzetsa milandu, mkazi nayesa kuti mwamuna wapeza wina, kapena mwamuna nakayika mkazi wache. Nkofunika kuti onse awiri adziwe, ndipo dotolo akauzidwa ali nazo njira zosinthira.

Zimene Dotolo Ayenera Kuuzidwa

Mai wapakati kapena woyamwitsa anene, koma asaleke yekha mankhwala amene anayamba kale. Nthenda ya mai yosachizidwa ipwetekanso mwana, ndipo dotolo ndiye ayesa mbali zonse ziwiri. Wa khunyu anene. Womwa ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, kapena zitsamba za kwa sing'anga, atchule zonse osabisa. Mwachitsanzo rifampicin wa chifuwa chachikulu achepetsa mphamvu ya amitriptyline m'magazi. Ndiponso ngati munthu anakhalapo ndi nyengo ya kusagona masiku ambiri osatopa, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama ndi kudziyesa wamkulu, abale anene zimenezi poyamba pomwe. Imeneyo ndi nthenda ina, ndipo mapilitsi a maganizo akamwedwa okha akhoza kuiutsa.

Za mowa mau ngachidule. Kachasu, masese ndi chibuku zikulitsa nthendayi, ndipo pamodzi ndi amitriptyline zigonetsa munthu tulo toopsa. Ambiri amwa mowa kuti aiwale maganizo, koma m'mawa maganizo aja awapeza atachuluka.

Masabata Oopsa

Nkhani iyi njolemera koma siyenera kubisika. Monga kwanenedwa kale, mphamvu ya thupi ibwerera chisoni chisanachoke. Munthu amene anali ndi maganizo odzipha koma analibe mphamvu ngakhale ya kudzuka, pa masabata oyambawa akhoza kupeza mphamvuzo mtima ukali wakuda. Chotero nthawi imene abale ayesa kuti zayamba kuyenda ndiyo nthawi yofuna maso. Kwa achinyamata kuopsaku kuposa. Mu 2004 akulu oyang'anira mankhwala ku America analamula kuti pa mankhwala onse a mtundu umenewu palembedwe chenjezo lakuti akhoza kuonjezera maganizo odzipha mwa ana ndi achinyamata, ndipo mu 2007 chenjezolo linafutukulidwa kufikira a zaka 24. Aphunzitsi adziwe ichi. Mwana wa sukulu amene wayamba mankhwala nasanduka wosakhazikika, waukali, kapena wolankhula za imfa, makolo auzidwe tsiku lomwelo ndipo apite naye kuchipatala. Ana osakwana zaka 12 sapatsidwa mankhwalawa pa nthenda ya maganizo.

Anthu ambiri aopa kufunsa wodwala ngati ali kuganiza zodzipha, poyesa kuti funsolo limpatsa nzeru yoipa. Sizili choncho. Kufunsa mofatsa, pa awiri, kumpatsa mpata wotula katundu amene wausenza yekha. Akabvomera, asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a mbeu, a makoswe ndi a m'munda achotsedwe m'nyumba.

Amitriptyline mwini wache ndi poizoni akamwedwa wambiri, pakuti asokoneza kugunda kwa mtima. Nchifukwa chache achipatala apereka ochepa pa ulendo umodzi, ndipo wodwala asayese kuti ali kummana. M'nyumba, mankhwalawa asungidwe ndi munthu wamkulu wodalirika, m'bokosi lokiya, iye napereka a tsiku limodzi madzulo ali onse. Kuwapachika pa tsindwi kapena kuwaika pansi pa mphasa sikukwanira. Ana akwera pali ponse, ndipo timapilitsi tochepa tikhoza kupha mwana. Munthu akamwa opitirira muyeso, atengedwe kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale aoneka bwino, osadikira kuti kuche.

Kuleka

Pakupita miyezi iwiri kapena itatu wodwala wadzuka, ali kulima, ali kuseka. Pamenepa mpamene ambiri alakwa kachiwiri, poti ndachira, mapilitsi nchiani. Owerenga adziwa za mankhwala a chifuwa chachikulu: chifuwa chileka msanga, koma wodwala amwabe miyezi 6, chifukwa akaleka pa njira nthenda ibwerera. Ndi mankhwala a maganizo lamulo lifanana. Munthu atachira apitirize kwa miyezi yosachepera 6, ndipo kawiri-kawiri dotolo anena miyezi 9 kufikira 12. Amene nthendayi inamgwirapo kawiri kapena katatu akhoza kumwa zaka.

Ena aopa kuti thupi lizolowera mankhwalawa monga fodya kapena mowa. Sali otero: saledzeretsa, ndipo munthu sawalakalaka kapena kufuna ochuluka chaka ndi chaka. Komabe thupi silikonda kuwaleka mwadzidzidzi. Woleka tsiku limodzi amva chizungulire, nseru, maloto oipa ndi mtima wapachala, ndipo kwa ena zimenezi zikhala masabata. Njira yache ndiyo kutsitsa muyeso pang'ono-pang'ono, kwa mwezi kapena kuposa, monga mwa mau a dotolo. Fluoxetine akhalitsa m'thupi, chotero kuleka kwache sikubvuta kwambiri ngati enawa. Mankhwala ozoloweretsa enieni ndiwo diazepam, amene ena agula mobisa kuti agone kapena kuti mtima utsike. Amenewa atonthoza msanga koma sachiza nthenda, ndipo akamwedwa masabata ambiri munthu alephera kukhala popanda iwo.

Woiwala kumwa tsiku limodzi asamwe kawiri mawa lache. Angopitiriza monga mwa masiku onse. Mapemphero saletsana ndi mankhwala, koma wouza wodwala kuti ataye mapilitsi pofuna kuonetsa chikhulupiriro amuika pa ngozi.

Mapilitsi Sabweza Ngongole

Mankhwala akweza munthu kuti aime, koma ngongole, mwamuna womenya ndi nkhokwe yopanda kanthu zikhala pomwepo. Nchifukwa chache uphungu uyenda pamodzi ndi mankhwala. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dotolo Dixon Chibanda anayamba mu 2006 nchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi anaphunzitsidwa kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi munthu wobvutika maganizo, kumva mabvuto ache, kusankha limodzi, ndi kufuna naye njira yolithetsera asanagwire lina. Kumeneko nthendayi aitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, monga anenera anthu kuno. Pamene nchitoyi inayesedwa mosamala, zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti okhala pa benchi anapeza bwino koposa anzao olandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi inayesedwanso m'zipatala zina za m'Malawi. M'mudzi, mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena mai wa mpingo wodziwa kusunga chinsinsi akhoza kuchita zambiri za mtundu womwewu: kumvetsera osadzudzula, ndi kumkoka wodwala kuti abwerere ku tinchito tating'ono ndi kwa anzache.

Kopeza Chithandizo

Ambiri akamva za mankhwala a maganizo aganiza za chipatala cha ku Zomba, naopa kuti akatsekeredwa kumeneko. Zoona zache nzakuti odwala maganizo ndi nkhawa ochuluka sagonekedwa konse. Aonana ndi dotolo kapena namwino wophunzira za matenda a maganizo pa chipatala cha pa Boma, nalandira mankhwala, nabwerera kwao tsiku lomwelo. Zomba, ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zilandira iwo amene nthenda yawakulira kwambiri. Poyambira ndi pa chipatala chaching'ono chapafupi, kumene alemba kalata yotumiza wodwala ku Boma ngati kufunika.

Tsiku lobwerera lilembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo nkwabwino kuti mbale wosunga mankhwala apite nao, chifukwa iye aona zimene wodwala saona. Nthawi zina mankhwala atha pa chipatala chaching'ono, ndiponso m'dzinja mitsinje idzala, njira nizitsekeka. Chotero wodwala asadikire kuti pepala likhale lopanda kanthu. Anyamuke mapilitsi a sabata lathunthu akalipo, atatenga buku lache ndi pepala la mankhwala akalewo, kuti wopereka aone dzina ndi muyeso wache.